Phunziro la Zolengedwa: Kupenya Mbalame m'Nkhalango ya pa Lingadzi

Inu aphunzitsi a m'sukulu za mu Lilongwe, phunziro la ulendo uno likukhudza inu ndi ana anu. Lilongwe adasanduka likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo amene adalinganiza mzindawo adasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, kuti isadulidwe. Ilipo kufikira lero. Muli apusi, mbawala, agwape ndi nungu. M'madzimo muli ng'ona. Ndipo afisi amayendayenda usiku kufikira m'misewu ya mumzinda. Komabe ana ambiri opita pambali pake tsiku ndi tsiku sadziwa mbalame ina koposa khwangwala ndi nkhuku. Cholakwacho si chawo ayi. Palibe adawaphunzitsa kupenya.

Pitani m'mamawa dzuwa lisanakwere, pakuti masana mbalame zimabisala mumthunzi. Gulu la ana 40 silidzaona kanthu. Tengani 5 kapena 6, ndipo legeni atsale kunyumba. Mukafika, khalani pansi patsinde pa mtengo, osalankhula, osaloza ndi dzanja. Poyamba tchire lidzati zii ngati mulibe chamoyo. Pirirani mphindi 15, mudzaona kuti layamba kukuiwalani.

Khutu litsogole, diso litsate. Pumbwa ndi njiwa mudzazimva msanga. Mkuta ulira ngati madzi otsanulidwa m'botolo, ndipo gogomole amveka ndi kugogoda kwake pa nthambi youma. Mverani apusi nawonso. M'chaka cha 1980 akatswiri atatu, Seyfarth, Cheney ndi Marler, adasonyeza kuti apusi a ku Amboseli m'dziko la Kenya ali ndi kulira kosiyanasiyana pochenjezana: kwina nkwa kambuku, kwina nkwa chiwombankhanga, kwina nkwa njoka. Akamva kwa kambuku akwera mumtengo, akamva kwa chiwombankhanga ayang'ana kumwamba, akamva kwa njoka aimirira ndi kusuzumira mu udzu. Tsono pusi akalira, yang'anani kumene iye akuyang'ana. Koma musawapatse chakudya, chifukwa pusi wozolowera dzanja la munthu asanduka mbala, naluma ana. Ndiponso mwana asatsikire m'mphepete mwa madzi.

Mbalame yoyenera kuitayira nthawi ndi nantchengwa, wofiirira uja wa mutu wonga nyundo, amene amayenda m'madzi osaya kufuna achule. Chisa chake nchodabwitsa ndithu. Wamwamuna ndi wamkazi amangira pamodzi pamphanda ya mtengo waukulu, kutola timitengo zikwizikwi kwa masabata angapo, kufikira chisa chikhale ndi denga lolimba lakuti munthu angathe kuimapo. Khomo ndi laling'ono, lomata ndi matope, loyang'ana cham'munsi. Eni ake akachisiya, alowamo akadzidzi, njuchi kapena njoka. Makolo athu ankaletsa ana kuphwasula chisa cha nantchengwa. Zifukwa zimene ankapereka zinali zoopseza, koma m'kuona kwanga lamulo lenilenilo linali lanzeru. Masiku ano chomwe chimuvuta nantchengwa ndi nkhwangwa ya wootcha makala ndi wofuna nkhuni, pakuti pa kamtengo kanthete sangamangepo.

Mwana aliyense akhale ndi kabuku kolembamo tsiku, malo, ukulu wa mbalame, maonekedwe a mlomo ndi chimene inali kuchita. Musapeputse kulembaku. Kale anthu a ku Ulaya ena ankakhulupirira kuti namzeze amagona m'matope nyengo yozizira. Koma m'mwezi wa May 1911 namzeze wina adavekedwa kamphete kolembedwa pamwendo ku Staffordshire m'dziko la England, ndipo mu December 1912 adapezeka ku Natal, kumwera kwa Afrika. Kambalame kolemera magalamu ngati 20 okha! Anamzeze a mtundu womwewo amafika kwathu kuno cha mu October, kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia, nabwerera cha mu April. Alipo anamzeze ena okhala konkuno chaka chonse. Mlendoyo mudzamzindikira ndi khosi lofiira ndi mzere wakuda pachifuwa.

Ntchito ya mwezi uno ndi iyi: ana afunse agogo awo maina 10 a mbalame m'chinenero chathu, awalembe patsamba loyamba la kabuku, ndipo achonge dzina lililonse tsiku limene adzaiona mbalameyo ndi maso awo.