Jezi ya Chipolopolo Yosainidwa ndi Katongo

Funso: Akuluakulu, malemu atate anandisiyira jezi ya Chipolopolo imene Christopher Katongo anasainapo. Kodi ndingaigulitse pa okushoni? Ndine wowerenga wanu wa ku Sinda.

Yankho: Bambo, chimene muli nachocho nchamtengo ndithu, pakuti Katongo ndiye anatsogolera anyamata athu pa 12 February 2012, pamene anagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate ku Libreville, pafupi ndi pamene anzawo anatsikira kuli chete m'ngozi ya ndege ya 1993. Kunjaku malonda otere akula zedi, kotero kuti jezi ya Babe Ruth, katswiri wa baseball, inagulidwa madola 24 miliyoni mu 2024. Koma ogulawo, amene anyengedwapo kawirikawiri ndi masiginecha abodza, satulutsa ndalama kufikira ataona umboni, monga chithunzi cha tsiku losaina kapena kalata ya mboni. Kuona maso a nkhono nkudekha: yambani mwafunafuna umboniwo m'mabokosi a malemu. Pakalipano musaichape, musaisite, ndipo muisunge pouma, posafika dzuwa kapena chiswe, popeza inki ikafufutika mtengo wapita.