Maphunziro Okulitsa Nzeru: Mafunso ndi Mayankho

Kodi maphunziro okulitsa nzeru ndi otani?

Awa ndi maphunziro amene salunjika pa ntchito imodzi monga ukalipentala kapena unamwino, koma amazoloweretsa munthu kusanthula mfundo, kuzindikira bodza ngakhale litanenedwa mokometsera, ndiponso kufotokoza maganizo ake momveka. M'mayunivesite akale a ku Ulaya anali ndi nthambi zisanu ndi ziwiri: malamulo a chiyankhulo, kaganizidwe kolondola, luso lolankhula pagulu, masamu, kayezedwe ka zinthu, nyimbo ndi za nyenyezi.

Nanga n'chifukwa chiyani phindu lake limakayikiridwa?

Chifukwa chachikulu n'chakuti wophunzirayo satuluka ndi ntchito m'manja, ndipo kholo lomwe lagulitsa mbuzi kuti lilipire fizi lili ndi ufulu wofunsa zimenezi. Mkanganowu unakula ku America pakati pa anthu akuda ukapolo utatha. Booker T. Washington, mtsogoleri woyamba wa sukulu ya Tuskegee yomwe inatsegulidwa mu 1881, ankaphunzitsa kuti anthu ake ayambe adziwa ulimi, kuumba njerwa ndi kusoka, zina zibwere pambuyo. W. E. B. Du Bois anamutsutsa m'buku lake la 1903, The Souls of Black Folk, ponena kuti mtundu wopanda aphunzitsi ndi atsogoleri ophunzira mozama sungathe kudziteteza. Washington sanalakwe pa nkhani ya umphawi, komabe Du Bois anaona patali, pakuti m'zaka zomwezo maboma a kummwera kwa dzikolo ankalanda anthu akuda ufulu wovota kudzera m'malamulo olembedwa mwaukathyali, ndipo luso la mmisiri, ngakhale litakula motani, silikanatha kuwatsutsa m'khoti.

Kodi mkanganowu unafikanso kuno?

Unafika, ndipo unaonekera mu 1924, pamene nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zinayendera masukulu a Nyasaland ndi kulimbikitsa maphunziro a ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja otengera a ku Tuskegee, maganizo omwe atsamunda ambiri anawakonda pa zifukwa zawozawo. Panthawiyo sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, yomwe Robert Laws anaikhazikitsa mu 1894, inali itaonetsa kale zimene zimachitika ntchito zamanja zikaphunzitsidwa limodzi ndi mabuku. Levi Mumba, amene anaphunzira kumeneko, anali mmodzi mwa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo Clements Kadalie, amenenso anaphunzira komweko, anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, lomwe linakula n'kusowetsa mtendere boma la South Africa.