Chitsulo Chimene Chimadziteteza Pamoto

Patchuthi chapitachi mayi anga anataya mbaula yachitsulo chifukwa inabooka pansi. Koma poto wa aluminiyamu amene amaphikira pambaulapo tsiku ndi tsiku akadali bwinobwino. Nzoona kuti poto satentha ngati mbaula popeza mumakhala madzi, komabe pali chifukwa china chimene ndaphunzira m'kalasi la sayansi. Ndati ndikugawireniko, okondedwa awerengi.

Chitsulo chikatentha chimagwirizana msanga ndi mpweya wa okosijeni nkupanga dzimbiri. Dzimbirilo limakanganuka ngati nkhanambo, ndipo chitsulo chapansi pake chimayambanso kudyeka. Aluminiyamu naye amagwirizana ndi okosijeni, koma iye amapanga kakhungu kopyapyala ndi kolimba kotchedwa alumina. Kakhunguka kamamatirira nkutseka njira ya mpweya. Vuto lake nlakuti aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 okha.

Nchifukwa chake akatswiri amamusakaniza ndi chitsulo china chotchedwa nickel, nkupeza nickel aluminide. Mitundu yodziwika ilipo iwiri. NiAl imasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,640. Ni3Al ndiyo yodabwitsa, pakuti mphamvu zake zimakula pamene ikutentha, mpaka cha m'madigiri 700. Pamoto waukulu, aluminiyamu wa m'kati amabwera pamwamba nkupanga kakhungu kaja. Kakang'aluka, aluminiyamu wina amadzatseka balalo.

Poyamba Ni3Al inkathyoka msanga ngati mbiya. Mu 1979 Aoki ndi Izumi a ku Japan anapeza kuti kuthiramo boron pang'ono chabe kumachititsa kuti izipindika osathyoka. Pambuyo pake akatswiri a ku Oak Ridge, ku Tennessee m'dziko la Amereka, anapanga nayo migudumu yonyamula zitsulo zotentha m'ng'anjo za m'mafakitale. Zitsulo zozungulira m'injini za ndege nazo zimakutidwa ndi aluminide.

Komatu palibe chinthu chopanda mdani. Mchere wa mumpweya wa kunyanja ukakumana ndi sulufule wa m'mafuta, umadya kakhungu kaja. Kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza nako kumakasenda. Pofuna kuchepetsa zimenezi, amawonjezera chromium, platinum kapena yttrium. Aluminiyamu wa pafupi ndi khungu akatha, chitetezo chathanso. Ndiye chifukwa chake injini za ndege zimayang'anidwa kawirikawiri, pakuti moyo wa okwera umadalira kakhungu kopyapyala kuposa tsitsi.

Mbaula ya mayi inalibe kakhungu kotere. Tsopano ndikudziwa chimene chinaidya.