Kusamala ndi kutchuna Golf GTI: zoyenera ndi zosayenera

Anyamata a ku South Africa anaipatsa Golf GTI dzina lakuti "Vrrr pha", potsanzira kaphokoso kamene ekisozi imatulutsa giyabokosi ya DSG ikamasintha magiya. Golf GTI yoyamba inatuluka mu 1976, koma zimene ambiri amagula zogwiritsidwa kale ntchito masiku ano ndi Golf 5 ya kuyambira 2004, Golf 6 ya 2009 ndi Golf 7 ya 2013. Munthu akangolandira makiyi, funso lake limakhala lakuti aiwonjezere bwanji mphamvu. Ine ndimati funso limenelo lidikire. Galimoto yodwala siitchunidwa.

Zoyenera: Dziwani kaye nthenda ya injini yanu, chifukwa iliyonse ili ndi yake. Pa Golf 5 pali kachitsulo kotchedwa cam follower, kamene kamakhala pansi pa pampu ya mafuta. Kukula kwake n'kofanana ndi chitsekerero cha botolo. Ndinakaonapo m'manja mwa makaniko wina: utoto wakuda wapamwamba unali utatha, pakati patabooka bowo loti nsonga ya cholembera n'kulowa. Kachitsulo kotchipa kameneko kanali katadya kale camshaft ndi pampu yomwe. Chonsecho kuti mukaone n'kungochotsa pampuyo, imene imagwiridwa ndi mabawuti atatu basi. Golf 5 ilinso ndi lamba wa timing, ndiye ngati wogulitsa alibe pepala losonyeza tsiku limene anasinthidwa, ikani watsopano. Pa Golf 6 chovuta ndi tensioner, chida chokunga tcheni cha timing. Zoyamba kupangidwa zinkafooka, tcheni n'kudumpha mano, mavalavu n'kuwombana ndi mapisitoni. Golf 7 imakonda kudontha madzi pa pampu ya madzi ndi pa thermostat.

Zosayenera: Musanyozere kaphokoso ka "tchekete-tchekete" kamene kamamveka masekondi ochepa mukaliza injini m'mawa. Ena amangokweza wailesi. Pa Golf 6 kameneko kakhoza kukhala chenjezo lomaliza.

Zoyenera: Thirani oyilo amene pachigubu pake palembedwa VW 502 00 kapena 504 00, ndipo ngati mumayenda m'fumbi kapena galimoto ndi yotchunidwa, musinthe asanapitirire makilomita 10,000. Giyabokosi ya DSG ya magiya asanu ndi limodzi imafuna oyilo ndi fyuluta yatsopano pa makilomita 60,000 alionse.

Zosayenera: Oyilo wa m'mabotolo opanda dzina, wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, ayi. Komanso musapondereze injini isanatenthe, ndipo mukachoka kothamanga musaizimitse pompo. Yendani pang'onopang'ono makilomita awiri omaliza kuti turbo izizire oyilo akuyendabe.

Zoyenera: Ndalama yoyamba ipite ku matayala ndi mabuleki. GTI imakoka ndi matayala akutsogolo, omwenso ndi okhotera, ndiye ntchito imawachulukira. Tayala labwino limasintha kayendedwe ka galimoto kuposa chitsulo china chilichonse chimene mungagule. Mafuta a mabuleki, DOT 4, amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, choncho atsanuleni pa zaka ziwiri zilizonse.

Zosayenera: Musatengeke ndi marimu aakulu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tayala la 225/45 R17 lili ndi nthiti yotalika pafupifupi mamilimita 101. La 225/40 R18 lili ndi 90, pamene la 225/35 R19 latsala ndi 79 okha. Nthiti imeneyo ndiyo imalandira nkhonya mukagwa m'dzenje. Pa misewu yosalala ya ku Germany 19 alibe vuto, koma amene amayenda pa msewu wa M1 mvula itangotha akudziwa mmene phula limakhalira. Pamenepo 17 ndiye bwenzi lanu, ngakhale pachithunzi sakongola.

Zoyenera: Musanatsitse galimoto, yang'anani zimene zilipo. Kutsogolo GTI ili ndi MacPherson strut, kumbuyo multi-link yokhala ndi mabushi ambirimbiri, ndipo labala wake amang'aluka ndi zaka. Galimoto ikamagogoda pamabampu kapena kukokera mbali imodzi mukaponda buleki, yambani ndi mabushi a control arm, ma ball joint ndi ma top mount. Ma shock amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere. Pali chinthu china chimene amakaniko ofulumira amachidumpha: mabawuti a mabushi amamangidwa komaliza galimoto itakhala pa matayala ake, osati ili lende pa jeke. Akamangidwa ili m'mwamba, labala amakhala wopotoka kuyambira tsiku loyamba ndipo sachedwa kutha. Imani pomwepo muone ndi maso anu. Mukatha, pitani ku alignment ya matayala onse anayi.

Zosayenera: Kudula masipuling'i ndi galayindala! Izi ndiye zimandiwawa kwambiri. Sipuling'i yodulidwa sikhala bwino pampando wake, mbali ziwiri sizifanana, ndipo shock imangogunda pansi mpaka kutulutsa mafuta. Kumbukiraninso kuti GTI imachoka ku fakitale ili kale yotsika: Golf 7 GTI ndi yotsika mamilimita 15 kuyerekeza ndi Golf wamba. Ngati mukufunadi kutsitsa, gulani masipuling'i ndi ma shock opangidwira limodzi, monga a Bilstein, Eibach, H&R kapena KW, ndipo musapyole mamilimita 25 kapena 30. Mnzanga wina anatsitsa yake mpaka tayala kubisala m'thupi la galimoto. Pa bampu iliyonse ankakwera chopingasa ngati nkhanu, minibasi zikuimba mahutala kumbuyo. Tsiku lina anaiwala, sampu inang'ambika, oyilo yense mbwee pa phula.

Zoyenera: Ngati galimoto imakana kukhota, mphuno ikumapita kunja kwa kona, anti-roll bar yokulirapo pang'ono kumbuyo imathandiza.

Zosayenera: Musaumitse chilichonse mpaka galimoto kukhala ngati ngolo. Tayala limene likudumpha siligwira msewu.

Zoyenera: Zonsezi zikatheka, ndiye tikambe za mphamvu. Golf 5 GTI imatulutsa 147 kW, Golf 6 155 kW, Golf 7 yoyamba 162 kW. Chimene amati stage 1 n'kusintha pulogalamu ya mu kompyuta ya injini kuti turbo ikankhe mpweya wochuluka, popanda kusintha chitsulo. Mphamvu imakweradi moti mumaimva pamsana. Koma yambani mwaika mapulagi atsopano, yesani ma coil, ndipo pa Golf 5 ndi 6 tsukitsani mavalavu olowetsa mpweya. Injini zimenezi zimapopera petulo mwachindunji mu silinda, ndiye palibe chotsuka mwaye umene umaunjikana pa mavalavuwo. Wotchunayo muuzeni petulo amene mumathira tsiku ndi tsiku ndi dera limene mumakhala. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, Lilongwe pa mamita oposa 1,000 pang'ono, ndipo kumtunda mpweya ndi wopepuka, turbo imazungulira kwambiri kuti ikwanitse zimene yalamulidwa.

Zosayenera: Musalole munthu wongoyenda ndi laputopu kukuikirani pulogalamu yotola pa intaneti, yolembedwera petulo wa octane 98, inu mukuthira wotsikirapo. Injini imayamba kugogoda mkati, ndipo pisitoni ikasweka iye adzakhala atazimitsa foni. Wotchuna weniweni amasunga pulogalamu yoyamba ya galimoto yanu, amayenda nayo n'kuwerenga manambala, ndipo amakuuzani zoona zake kuti walira mvula walira matope: pa Golf 7 ya magiya apamanja, kilatchi kawirikawiri imayamba kuterereka mphamvu ikakwera. Sungiranitu ndalama ya kilatchi. Za kuchotsa catalytic converter kuti ekisozi iziphulika usiku anthu akugona, chonde achimwene, tilekereni tulo.