Za Kumatanso Khoma la Nyumba Yakale

Abale a ku Mtandire, ndi inu nonse akuwerenga mau awa, mwezi uno tiphunzire za khoma limene pulasitala wace wayamba kugamphuka. Ambiri akaona njerwa ziri poyera athamangira kugula simenti namata pomwepo; koma itagwa mvula kawiri katatu cigamba cija cigwa, ndi ndalama zipita naco. Cifukwa cace nciani? Sanayambe afunsa cimene cinaononga khomalo, ndico madzi.

Mudzi wathu uli m'mbali mwa Lingadzi, ndipo tikumbukira umo mtsinjewo unasefukira m'February 2017 nugwetsa nyumba. Koma madzi akudya makoma caka ndi caka sali a cigumula ai. Ndiwo aja atsika ku malata, nagwa patsinde pa khoma, nakhala pomwepo. Cinyontho cikwera m'njerwa, ndipo pulasitala alekana nazo. Cotero nchito yoyamba ndiyo kukonza malata akudontha, kukweza khonde, ndi kukumba ngalande yakucotsa madzi.

Kumata kwenikweni kuyenera nyengo ya cilimwe, khoma litauma. Gogodani ndi nyundo pang'ono pang'ono. Pamene palira ngati ng'oma, gamphulani ponsepo, ngakhale paoneka pabwino. Sesani pfumbi, nimuwaze madzi, kuti njerwa zingamwe madzi a m'matope anu. Pa njerwa zooca sanganizani ndowa 1 ya simenti ndi ndowa 6 za mcenga wosefa, wopanda dothi. Musamate mocindikala koposa cala. Pakakhala pozama, matani kawiri. Mutatha, thiranipo madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7. Apa ndipo ambiri alephera, pakuti madzi a ku kiyosiki ngogula. Koma simenti youma msanga ifumbutuka ndi cala.

Tsono inu a nyumba za zidina, mverani bwino. Simenti ndi dothi sizigwirana. Cidina cifufuma ndi cinyontho nicibwerera pouma, koma simenti siisuntha. Imangokhala cikhungwa kunja, nitsekera cinyontho m'kati, ndipo ciswe cimanga njira zace kuseri kosaoneka. Ine ndiyesa kuti nkwabwino kumata dothi losanganiza ndi mcenga, ndi kupaka laimu pamwamba, mubwerezenso caka ndi caka mvula isanafike. Wofunitsa simenti ayambe wakhomera waya wa khola la nkhuku pakhomapo, kuti pulasitala apeze pogwira.

Mng'alu waung'ono ngati ulusi mukhoza kutseka nokha. Koma mukaona mng'alu wolowa m'njerwa momwe, wonka nukula, kapena khoma litapendekeka, nthendayo iri m'maziko, ndipo kumata kungoibisa. Itanani mmisiri aone. Ndipo kufikira atakonza, ana asagone tsinde la khoma limenelo usiku wa mvula.