PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KODI MUNTHU AKHALA BWANJI NOTARY PUBLIC?

Anthu ambiri a m'boma la Chiradzulu ali ndi abale ao ku Joni ndi ku maiko ena. Mwa citsanzo, mai wa ku Namitambo alandira uthenga kuti mwamuna wace wamwalira ku Johannesburg. Eni nchito alemba kalata kuti ndalama za malemuyo zilipo, koma afuna cikalata copatsa mlamu wace mphamvu ya kulandira ndalamazo, ndipo cikhale ndi cidindo ca Notary Public. Maiyo apita kwa mfumu, mfumu idinda, koma cikalata cibwezedwa. Miyezi ipita, ana ali kudikira. Bvuto lotere licokera pa kusadziwa kuti Notary Public ndani.

Nchito yace

Notary Public ndi loya amene wapatsidwa mphamvu yapadera ya kucitira umboni zikalata, makamaka zopita kunja kwa Malawi. Iye aonetsetsa kuti wolemba dzina pa cikalata ndi mwini wace weni-weni, kuti wamva zimene zalembedwamo, ndi kuti sanaumirizidwe. Akakhutira alemba dzina lace nadinda cidindo. Anthu a ku dziko lina samdziwa mai wa ku Namitambo, koma akhulupira cidindoco cifukwa adziwa kuti mwini wace ayang'aniridwa ndi bwalo la milandu.

Pali munthu winanso wochedwa Commissioner for Oaths, ndiye wolumbiritsa anthu. Majisitireti ndi maloya agwira nchito imeneyi, ndipo pa zikalata zambiri zogwira nchito m'dziko muno cidindo cao cikwanira. Koma si wolumbiritsa ali yense amene ali Notary Public. Cidindo ca mfumu ciri ndi ulemu wace pa nkhani za m'mudzi, koma sicilowa m'malo mwa zidindo ziwirizi.

Njira yace

Udindo umenewu sugulidwa ndi ndalama, ndiponso palibe sukulu yaifupi youphunzitsa. Lamulo loyang'anira maloya linakhazikitsidwa mu 1965, ndipo lina latsopano linalowa m'malo mwace mu 2018. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Njuli kapena ku Mbulumbuzi wofuna udindowu ayenera kuyenda motere:

1. Akhoze bwino mayeso a M.S.C.E., makamaka Cingelezi, pakuti malamulo a dziko alembedwa m'cinenero cimeneci.

2. Aphunzire za malamulo kufikira atalandira digiri, monga ku University of Malawi ku Zomba.

3. Ngati lamulo limfuna kutero, apite ku Malawi Institute of Legal Education kukaphunzira kagwiridwe ka nchito ya uloya, nakhoze mayeso a kumeneko.

4. Alandiridwe ndi Bwalo Lalikulu la Milandu kukhala loya, natenge ciphaso cogwirira nchito. Ciphasoci citengedwa caka ndi caka, ndipo loyayo akhala membala wa Malawi Law Society.

5. Atagwira nchito zaka zimene lamulo linena, apemphe kwa Jaji Wamkulu satifiketi ya kukhala Notary Public. Jaji Wamkulu ali ndi mphamvu ya kubvomera kapena kukana.

Njirayi ndi yaitali cifukwa cidindo cimodzi cingathe kusamutsa nyumba kapena ndalama za ana amasiye kucoka m'manja mwa wina kupita kwa wina. Mphamvu yotere ipatsidwa kwa munthu amene mbiri yace yaoneka kale.

Zikalata zopita kunja

Mu 1961 maiko anapangana ku Hague njira yapafupi yozindikirira zikalata za wina ndi mnzace, ndiyo satifiketi yochedwa apostille. Malawi analowa m'panganolo mu 1967, ndipo South Africa mu 1995. Cotero wotumiza cikalata ku Joni ayambe wafunsa amene acifunawo ngati afuna cidindo ca Notary Public cokha kapena apostille yomwe, kuti angayende ulendo kawiri.

Cenjezo

Maloya ambiri ali ndi maofesi ao ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo kucokera ku Chiradzulu munthu apita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Wopita kumeneko atenge citupa cace ca unzika ndi zikalata zeni-zeni, osati zojambula zokha. Asalembe dzina lace kunyumba, koma pamaso pa Notary Public. Afunse mtengo nchito isanayambe, ndipo alandire lisiti. Munthu woima pa khonde la ofesi ndi cidindo m'thumba, nanena kuti athandiza msanga, ayenera kukanidwa, pakuti cikalata codindidwa ndi iye cidzabwezedwa ndipo ndalama zidzakhala zitapita pacabe. Wokayika afunse ku bwalo la majisitireti pa Boma kapena ku Malawi Law Society.

Mafunso okambirana

1. Ndani apereka satifiketi ya Notary Public?
2. Kodi Notary Public asiyana bwanji ndi wolumbiritsa anthu?
3. Mai wa ku Namitambo uja akadayamba kucita ciani atalandira kalata?