Kupolisha penti yofewa ndi makina popanda kusiya mizere

Galimoto zambiri zimene timaziona pa Kamuzu Road ku Salima ndi mumsewu wopita ku Senga Bay ndi zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, monga Toyota Vitz, Sienta, Honda Fit, Mazda Demio ndi Nissan Note. Achinyamata ambiri, kuphatikizapo ophunzira amene ali patchuthi, amapeza kangachepe potsuka galimotozi, ndipo ena ayamba kupolisha ndi makina. Vuto limaoneka mwini galimoto akaitulutsa padzuwa: penti imene imawala bwino pamthunzi imapezeka ili ndi mizere yozungulira ngati ukonde wa kangaude. Zikafika poipa, penti imapsa m'mphepete mwa chitseko, ndipo wopolishayo amayenera kulipira mmisiri kuti apoperenso. Phunziroli likufotokoza gwero la mizereyi ndi njira yoipewera.

Penti ndi yopyapyala bwanji?

Penti ya galimoto zamasiku ano ili ndi zigawo zitatu. Pansi pali primer imene imagwira chitsulo, pakati pali utoto umene timauona, ndipo pamwamba pali chigawo choonekera ngati galasi chotchedwa clear coat. Zonse pamodzi zimakhala mamaikironi pakati pa 100 ndi 150. Maikironi 1,000 ndi amene amapanga milimita imodzi, ndipo pepala lolembapo limakhala ndi pafupifupi 100. Chigawo chapamwambacho pachokha chimangokhala cha m'ma 40 kapena 50, kutanthauza theka la pepala.

Kupolisha sikukwirira mzere ayi. Ndi kupala chigawo chapamwambacho pang'onopang'ono mpaka chifanane ndi pansi pa mzerewo. Chimene mwapala sichimeranso. Komanso chigawo chimenechi ndi chimene chimateteza utoto ku dzuwa. Chikapyapyala kwambiri chimayamba kusupuka, monga mwaonera pamadenga ndi maboneti a galimoto zina. Choncho lamulo loyamba ndi ili: palani zochepa zokhazokha zimene zikufunika.

Penti yofewa ndi yotani?

Opolisha m'mayiko ambiri amadziwa kuti penti ya galimoto zambiri za ku Japan ndi yofewa poyerekeza ndi ya galimoto za ku Germany. Ubwino wake ndi wakuti mizere imachoka mosavuta. Kuipa kwake ndi kwakuti imalowanso mosavuta, moti nsalu yopukutira ikhoza kuikanda. Pa galimoto yakuda kapena yabuluu wakuda, kamzere kalikonse kamaonekera.

Nyengo ya kunyanja imawonjezera vutoli. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Salima kumapitirira madigiri 30, ndipo boneti yakuda imene yakhala padzuwa imatha kupitirira madigiri 60. Penti yotentha imafewa kwambiri ndipo polishi amauma msanga. Nthawi ya mwera, cha m'ma Juni mpaka Ogasiti, mphepo imaulutsa fumbi ndi mchenga. Kamchenga kamodzi kakalowa pansi pa siponji ya makina, kamazungulira nayo kambirimbiri n'kulemba penti yonse.

Mizere ilipo ya mitundu itatu. Yoyamba ndi yozungulirazungulira, yobwera ndi mchenga kapena nsalu yakuda. Yachiwiri imaoneka ngati mithunzi yoyendayenda mukamasuntha mutu, ndipo imasiyidwa ndi makina ongozungulira mbali imodzi, makamaka akapendekeka. Yachitatu ndi chifunga chotuwa chimene chimadza chifukwa cha siponji yolimba, polishi wokhakhala, kapena kupitiriza kupolisha polishi atauma.

Zipangizo

Musamangirire siponji ku grinder yodulira zitsulo. Grinder yaing'ono imazungulira ka 10,000 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, pamene makina opolishira amayenda pakati pa 600 ndi 3,000. Liwiro la grinder limawotcha penti musanaphethire.

Makina opolishira alipo a mitundu iwiri. A rotary amangozungulira mbali imodzi. Ndi amphamvu, koma amatenthetsa penti ndipo amafuna dzanja lozolowera. A dual action amazungulira uku akugwedera, motero sapala malo amodzimodzi. Pa penti yofewa, ndiponso kwa wongoyamba kumene, amenewa ndiye oyenera.

Mufunikanso masiponji ofewa omalizira atatu kapena anayi, polishi wosalala womalizira, nsalu za microfibre zoyera zingapo, ndowa ziwiri, tepi yapepala imene amisiri amagwiritsa ntchito popenta, ndi tochi, ngakhale ya pafoni. Siponji yaubweya ndi polishi wokhakhala zisungeni kaye pambali.

Kagwiridwe ka ntchito

1. Sankhani malo ndi nthawi. Gwirani ntchito m'mamawa, pamthunzi wa denga, pamalo a simenti. Pansi pa mtengo pamagwa utomoni ndi zitosi za mbalame. Ngati pali dothi, wazanipo madzi. Ikani kumbuyo kwa dzanja paboneti: ngati pakutentha, dikirani.

2. Tsukani ndi ndowa ziwiri. Yambani mwathira madzi ambiri kuti mchenga utsike wokha. Ndowa ina ikhale ya sopo wa galimoto, ina yotsukuluzira nsalu musanaibwezere musopo. Yambirani kudenga kutsika pansi, ndipo nsalu ya matayala isakhudze penti. Umitsani msanga, chifukwa madzi a pamijigo ina akaumira papenti amasiya madontho oyera.

3. Yesani mizere ndi chikhadabo. Ngati chikukodwa, mzerewo ndi wakuya ndipo makina sangauchotse popanda kuwononga. Muuzeni mwini galimoto musanayambe, osati mutamaliza.

4. Matani tepi pamapulasitiki akuda, pamalabala ndi pamakona akuthwa. M'mphepete penti imakhala yopyapyala kwambiri ndipo ndi mmene imayambira kupsa.

5. Yesani kaye pakamalo kamodzi, masentimita 40 mulitali ndi 40 mulifupi, ndi siponji yofewetsetsa komanso polishi wosalala. Ngati zimenezi zachotsa mizere, palibe chifukwa chofunira zamphamvu. Utoto ukamatsalira pasiponji, dziwani kuti galimotoyo ilibe clear coat kapena chatha pamalopo, ndiye chepetsani dzanja.

6. Dontheza madontho atatu kapena anayi a polishi, lililonse kukula ngati njere ya nandolo. Gunditsani siponji papenti musanayatse makina. Mwazani polishi ndi liwiro lotsika, kenaka kwezani kufika pakatikati. Yendetsani makina pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, mzere uliwonse uzilowa theka la unzake, kaye chopingasa kenaka chotsika. Siponji igone yonse papenti, isapendekeke. Musakanikize. Paulendo womaliza tsitsani liwiro ndipo lolani kulemera kwa makina okha kugwire ntchito.

7. Imani polishi asanaume. Akayamba kuoneka ngati mafuta opyapyala, zimitsani makina siponji ikadali papenti. Pukutani ndi nsalu yoipinda kanayi, mopepuka, molunjika osati mozungulira. Pa penti yofewa mizere yambiri imalowa pa nthawi yopukutayi. Nsalu ikagwa pansi, ntchito yake yatha mpaka itachapidwa.

8. Yeretsani siponji ndi kaburashi kofewa mukamaliza kachigawo kalikonse, ndipo muisinthe ikalemera. Tizidutswa ta penti timene mwapala timaunjikana m'menemo n'kuyamba kukanda.

9. Unikani ndi tochi chapambali, kenaka tulutsani galimoto padzuwa. Mafuta a mupolishi amabisa mizere, choncho tsukani kamalo koyesererako ndi madzi a sopo kuti muone zenizeni. Mukakhutira, bwerezani njira yomweyo pagalimoto yonse, kachigawo ndi kachigawo.

Mukamaliza, pakani wax kuti atchinjirize penti, ndipo mulangize mwini galimoto kuti asamapukute fumbi ndi nsalu youma. Galimoto siyenera kupolishidwa ndi makina mwezi ndi mwezi. Ikamatsukidwa bwino, imatha chaka kapena kuposerapo isanafunenso makina.

Musaphunzirire pagalimoto ya kasitomala. Pemphani chitseko kapena boneti yotayidwa kugalaja, muyesererepo mpaka dzanja lizolowere, ndipo muwotche dala pakona imodzi kuti muone mmene zimachitikira msanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kupolisha bwino galimoto yaing'ono kumatha tsiku lathunthu, ndiye potchula mtengo muziwerengera nthawi imeneyi.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani kupolisha pafupipafupi kumafupikitsa moyo wa penti?
2. Tchulani zinthu ziwiri za nyengo ya ku Salima zimene zimavutitsa wopolisha, ndi njira yothana nazo.
3. Kasitomala akufuna kuti muchotse mzere umene chikhadabo chikukodwamo. Mungamuyankhe bwanji?